Katani ya Pawindo la Bambo

4 Malichi

Kachete mlongo wanga,

Landira moni wa kuno kwanu. Ine ndili bwino, alamu ako ali bwino, ana akukula ngati udzu wa m'dzinja. Kaya iwe kumeneko, ndi kuzizira kumene umadandaula nako m'kalata iliyonse ngati tinakutuma ndife.

Sindikulembera zabwino. Maso a bambo afika poipa. Paja unawasiya akudandaula kuti manambala a pa wotchi akumawasowa pakati. Tsopano akayang'ana nkhope ya munthu amaona makutu ndi tsitsi, pakati pali chimtambo. Lachiwiri lapitali anabweza wotchi ya mphunzitsi uja wa kuseri kwa msika osaitsegula n'komwe. Zaka makumi anayi akukonza mawotchi pa tebulo lija la pawindo, sanabwezepo wotchi ya munthu. Mphunzitsiyo atachoka, bambo anapukuta kagalasi kawo ka diso limodzi, n'kukaika m'kabati, n'kukhoma.

Ndinapita nawo kwa dokotala wa maso. Anawaunika ndi katochi nthawi yaitali, kenaka anati kumbuyo kwa diso kwafota, magalasi sangathandize, opaleshoninso palibe. Anatiuza zimenezi akusamba m'manja, wodwala wina atalowa kale. Pobwerera bambo anangondifunsa ngati dokotalayo anaphunzira kuposa iwe.

Ndiye ndikufunsa iweyo. Chino n'chaka chachitatu uli kunja ukuphunzira za maso. Anthu akandifunsa ndimati mlongo wanga ndi dokotala, iwe n'kumandikalipira kuti si choncho. Chabwino, si choncho. Koma chinachake ukudziwa. Tiuze chochita kuti kuona kwatsalaku kusathe. Ndipo usandiyankhe mozungulira ngati mmene unkachitira uli mwana, ukaswa kapu n'kuyamba kufotokoza mbiri ya kapuyo.

Ndine mchemwali wako.

27 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu yafika dzana, itayenda masabata atatu. Ndathokoza kumva kuti inu, alamu ndi ana muli bwino. Inenso ndili bwino. Bambo muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Kalata ino ndaiyamba katatu n'kumang'amba. Mwina ndiyambe ndi kukuuzani chimene ndimachita kuno, muone nokha kukula kwake ndi kuchepa kwake.

Kumbuyo kwa diso, kumene dokotala akuti kwafota, kuli kakhungu kopyapyala kuposa ka anyezi. Timakatcha retina. Kwenikweni ndi kachidutswa ka ubongo kamene kanatuluka kudzasuzumira panja. M'menemo muli maselo a minyewa osawerengeka. Ena amalandira kuwala, ena amatumiza uthenga ku ubongo, ndipo pakati pawo pali ena amene ntchito yawo ndi kunong'oneza anzawo basi. Amenewa ndiwo anga. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa iwo amanong'ona pogwiritsa ntchito mahomoni amene kale anthu ankati ndi a m'mimba ndi m'matumbo mokha, aja ouza thupi kuti chakudya chafika kapena shuga wachepa. Ndi timapuloteni tatifupi kwambiri, timati mapeputayidi. Homoni imene m'mimba imayenda ndi magazi ulendo wautali, m'diso imangodumpha kuchoka pa selo ina kupita pa inzake yoyandikana nayo. Ikunena chiyani, sitikudziwa bwino. Zaka zitatu ndakhala ngati munthu woika khutu pachitseko cha anthu olankhula chinenero chimene sanachiphunzire.

Timagwiritsa ntchito maso a anapiye. Sekani, ndikudziwa kuti museka. Chipinda chathu chili pansi pa nyumba, chilibe windo, ndipo pachitseko pali makatani akuda awiri, ina kumbuyo kwa inzake. Anapiye timawasunga mu mdima maola awiri tisanayambe, ndipo retina timaichotsa pa kuwala kwa kababu kofiira kofooka. Kuwala koyera kumaitopetsa, kumaiwaula ngati nsalu yoiwalika padzuwa. Mu mdima imakhalitsa, ndipo imamva ngakhale kakuwala kochepetsetsa. Mkulu wa ntchito yathu, mayi wachikulire wosaseka, amakonda kunena kuti mdima ndiwo firiji ya retina. Ine ndimakhala m'menemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nditawerama pa kambale, manja akunjenjemera monga mukuwadziwa. Masiku ena ndimatuluka osatsimikiza ngati ndaona kanthu kapena ndangofunitsitsa kuona.

Pepala latha. Za bambo ndikuganizabe. Mundiuze mmene akugonera ndi mmene akudyera.

Mlongo wanu,
Kachete

3 Meyi

Kachete,

Tili bwino, kaya iwe. Kalata yako ndawawerengera bambo kawiri. Pa za anapiye anaseka mpaka kutsokomola, ati anaphunzitsa mwana zaka zonsezi kuti akasanduke likongwe.

Ine ndakudziwa kuyambira uli kumsana kwanga. Ukafuna kunena chinthu suchinena, umachisiya pakhomo n'kuthawa. Ndachitola. Kuwala kumawaula, mdima umasunga. Ndipo nditaganiza ndinaona kuti n'zoona. Zaka makumi anayi bambo ali pawindo lija, dzuwa likuwamenya m'maso kuyambira m'mawa. Ine telala undiuze chiyani za dzuwa? Ndimaona chimene limachita pa diresi yopachikidwa pawindo mwezi umodzi wokha.

Ndinali ndi mpukutu wa nsalu yakuda ya masuti umene unangokhala pansi pa makina. Ndasoka makatani atatu, iliyonse yophatikiza kawiri, msoko wobwereza, moti ukaiyang'anitsa padzuwa sipadutsa ngakhale kadontho. Imodzi pawindo la chipinda cha bambo, awiri pachitseko monga kwanuko. Ya pawindo ndaikhomera ndi timisomali kuzungulira. Babu ndaipaka utoto wofiira wa zikhadabo, katatu. Bambo amakhala m'menemo tsiku lonse, amatuluka dzuwa likalowa. Sanakane. Anangofunsa ngati wanena ndiwe, ndipo nditati inde anati, «Ndiye tseka.»

Alamu ako akung'ung'udza kuti nyumba yasanduka phanga, koma iwo ndi a basi, za maso adziwa chiyani.

Pali chimodzi chokha. Lachisanu ndikuwapatsira tiyi, bambo anandigwira mkono kuti ndisaike kapu pa tebulo chifukwa pali anthu. Ati tianthu totalika ngati chala, tovala yunifolomu ndi zipewa, tikuyenda pamzere kuchoka ku kabati mpaka m'mphepete, n'kumatsika ndi mwendo wa tebulo. Ndinaseka, iwonso anaseka. Ati tianthuto sitilankhula, ndipo sitiwayang'ana n'komwe. Kodi chimenechi si chizindikiro choti maso ayamba kudzuka? Ine ndatenga choncho. Munthu amene saona nkhope yanga akuwerenga mabatani a pa jekete ya kamunthu. Uyankhe msanga, tidziwe ngati tiwonjezere maola.

Mchemwali wako.

12 Meyi

Achemwali,

Moni kwa nonse. Sindinamve kanthu kuchokera kwa inu chilembereni mu Malichi, ndipo chete wanu ndimamuopa kuposa kukalipa kwanu. Ngati ndinakulakwirani m'kalata ija, ndiuzeni. Bambo ali bwanji?

Ndasamuka. Mwini nyumba ija anaigulitsa mwadzidzidzi, ndipo tsopano ndili m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Keyala yatsopano ili kuseri kwa envelopu. Kunyumba yakale kuli amisiri akugumula zipupa. Ndapitako kawiri kukafunsa za makalata, ndapeza geti lokhoma.

Kuntchito kwachitika kanthu, koyamba m'zaka zitatu. Ndinatunga timadzi timene retina imakhalamo, ina ili pa kuwala, ina ili mu mdima, n'kuyeza kuchuluka kwa homoni imene maselo anga atulutsa. Mu mdima imachuluka kwambiri. Ndinabwereza kasanu chifukwa sindinadzikhulupirire, ndipo kasanu konse zinatuluka chimodzimodzi. Tikayatsa getsi maselowa amakhala chete, tikazimitsa ndiye amayamba kulongolola. Mayi wosaseka uja anayang'ana pepala langa nthawi yaitali n'kunena kuti si zoipa. Anzanga akuti mawu amenewo sanawauzepo munthu.

Ndiyenera kukondwa, koma sizikutheka bwinobwino. Ndikakhala m'chipinda chija maola ambiri, maso anga enieniwa amayamba kuonetsa mitundu yoyendayenda, yobiriwira ndi yofiirira, pamene palibe chilichonse. Ndimakumbuka kuti maselo omwewo ali kumbuyo kwa maso anga, akuuzana zinthu zimene ine mwini wake sindikuzimva. Zikatero ndimatsokomola dala kuti ndimve mawu a munthu.

Ndilembereni, ngakhale mizere iwiri.

Kachete

26 Meyi

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino. Sindinakulemberenipo kalata, ndipo sindine munthu wa zolembalemba, choncho mukhululuke ndikalunjika.

Ndalemba ine chifukwa achemwali anu sakufuna kumva. Apongozi sali bwino m'mutu. Zinayamba ndi tianthu ta pa tebulo, tonse tinkaseka. Tsopano akuti chipinda chadzaza. Akamatuluka madzulo amayenda mokhotakhota m'khonde lopanda munthu, akupatukira anthu amene ife sitikuwaona. Sabata yatha ndinawapeza ataimirira, chipewa chili m'manja, akuyang'ana chitseko. Nditafunsa anati pali amayi. Alamu, amayi tinawaika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ine ndinanyamula nawo bokosi.

Ana akukana kudutsa pakhomo la chipindacho, ndawatumiza kwa mlongo wanga. Azimayi amene ankabwera kudzasoketsa akuima pamsewu n'kumaitana. Oyandikana nawo nyumba ayamba kuitcha mochale. Ine ndimayendetsa basi yodzaza anthu, ndipo ndikugwira chiwongolero maganizo ali kunyumba. Tsiku lina apongozi adzatsatira alendo awowo mpaka pamsewu.

Za mdimazi achemwali anu akuti ndi malangizo anu, ndipo ine sinditsutsana ndi sukulu. Koma maso ndi ena, mutu ndi wina. Ndalankhula ndi a kuchipatala cha odwala misala, ndipo bedi lipezeka pa 30 Juni. Sindikuwataya. Ndimawakonda ngati bambo anga ondibala, ndi iwo anandipatsa wotchi imene ndavala pano tsiku la ukwati. Koma inu ndinu mwana wawo wamwamuna, muyenera kudziwa. Mukakhala chete nditenga kuti mwavomera.

Ndine mlamu wanu.

27 Meyi

Mwana wanga,

Ndalemba ndekha, chala chikutsogolera pensulo. Mizere ikakwerana uwerenge moleza mtima. Mlongo wako aponya osawerenga, walonjeza.

Mutu wanga uli bwino. Ndikudziwa kuti anthuwa kulibe. Ndawayesa. M'chipinda muno muli mawotchi asanu ndi awiri amene eni ake sanabwere kudzatenga. Ndimawapukusa m'mawa uliwonse, ndipo iliyonse ndimaidziwa mawu ake. Mlongo wako akadutsa pakati pa ine ndi wotchi ya pakhoma, mawu ake amaphimbika pang'ono. Alendowa akadutsa, ngakhale khumi, mawu sasintha. Thabwa la pakhomo sililira akaliponda. Ndiye ndikudziwa. Ndimawapatukira chifukwa cha ulemu chabe. Kuponda munthu, ngakhale wabodza, mwendo umakana.

Amayi ako amaima pachitseko atavala diresi ija ya madontho. Nkhope yawo ndimaiona yonse, ndi pakati pomwe. Iwe ukudziwa kuti nkhope ya munthu sindinaione chiyambire chaka chatha. Sandiyang'ana. Amayang'ana cha kuwindo ngati munthu wodikira basi.

Dzana ndakuona iwe. Unakhala pakona utawerama pa kambale, kuwala kofiira kuli pachipumi. Waonda, ndipo tsitsi sukupesa. Chala chachikulu cha kumanzere unamanga kansalu koyera. Uzisamala ndi mipeni.

Mdimawu ndaulandira chifukwa wanena ndiwe. Koma kuchipatala kuja usalole. Mkamwini ndi munthu wabwino, wangochita mantha. Kumeneko akandilanda mawotchi, ndipo sindidzadziwanso amene alipo ndi amene kulibe.

Bambo ako.

Telegalamu, 18 Juni

CHOTSANI MAKATANI ONSE LERO. BAMBO ASAPITE KUCHIPATALA. KALATA IKUBWERA. KACHETE.

19 Juni

Achemwali,

Sindifunsa za moyo, ndawerenga. Dzulo ndinapeza geti la nyumba yakale lotsegula, ndipo mmisiri wina anandipatsa makalata atatu amene anawasunga m'chitini cha penti: yanu ya pa 3 Meyi, ya alamu, ndi ya bambo. Ndinawawerenga nditaima pamsewu. Nditawerenga yanu ndinakhala pa mulu wa njerwa.

Achemwali, sindinasiye chilichonse pakhomo. Funso lanu la mu Malichi yankho lake linali liwu limodzi: sindikudziwa. Ndinachita manyazi kulilemba. Munthu amene bambo anamulipirira sukulu ndi maso awo, zaka zitatu kunja, n'kuyankha kuti sindikudziwa. Ndiye ndinadzaza pepala ndi mbiri ya kapu, monga munandichenjezera. Mdima umasunga retina yochotsedwa m'diso la mwanapiye wakufa, kwa maola ochepa, m'kambale. Diso la munthu wamoyo mdima sulichiritsa. Inu simunalakwe. Munawerenga kalata ya mlongo wanu poganiza kuti muli nzeru, pamene munali mantha.

Ndinathamangira kwa dokotala wa maso amene amagwira ntchito pamwamba pa chipinda chathu, n'kumumasulira kalata ya bambo. Anandifunsa mafunso atatu. Kodi alendowo amalankhula? Kodi bambo akudziwa kuti kulibe? Kodi anayamba kubwera maso atafooka kale? Nditayankha anati zimenezi amaziona kawirikawiri kwa achikulire amene retina yawo yafota, kungoti ambiri amabisa poopa kutchedwa amisala. Ubongo unazolowera kulandira zithunzi kuchokera ku diso. Zikasiya kubwera, umayamba kutulutsa zake zimene unasunga. Si misala. Ndipo chimene chimazichulukitsa kwambiri ndi mdima ndi kukhala wekha. Atamva za makatani anavula magalasi n'kundiyang'ana. Ndikanakonda akanandimenya.

Kaya mahomoni anga ali ndi mbali pa zimenezi, sindikudziwa. Taonani, ndalemba. Dokotalayo akuti zithunzizo zimapangidwa mu ubongo, osati m'diso. Koma ine ndi manja angawa ndinayeza kasanu kuti diso silikhala chete mu mdima, ndinakondwa nazo, ndipo za bambo sindinaganize.

Tsono ndinena poyera. Tsegulani windo. Babu yofiirayo itayeni, ikani yowala kwambiri. Bambo azikhala panja masana, azicheza ndi anthu, wailesi izilira. Ndaikamo kalata ya dokotalayu, mupite nayo kwa dokotala wanu wa maso. Alamu muwauze kuti sindinavomere, sindikuvomera. Mantha awo ndawamva, ndipo amene anawabweretsa m'nyumba mwawo ndine.

Ndawerenga masiku. Kalata ino ifika 30 Juni atadutsa. Ndatsala ndi telegalamu ija ndi inu.

Kachete

14 Julayi

Kachete,

Bambo ali kunyumba. Ndayamba ndi zimenezi kuti upume, kenaka ndikukalipire bwino.

Telegalamu inafika pa 20. Ndinaiwerenga nditaima pa makina, ndipo ndinakutukwana mawu amene amayi akanandisambitsira m'kamwa. Miyezi iwiri ndikutsekera bambo anga mu mdima, ndikukangana ndi mwamuna wanga, makasitomala akundithawa. Kalata yako ya mu Meyi ija, yoti maselo amalongolola mu mdima, ndinawawerengera alamu ako monyadira kuti mwaona, maso akudzuka. Komabe ndinatenga hamala n'kuzula timisomali. Kuwala kutalowa bambo anabisa nkhope m'thaulo, misozi ili chuchuchu, masiku awiri. Fumbi limene linali m'chipindamo, ndi nkhope yawo mmene inayerera, sindikuuza.

Alendo anayamba kuchepa. Khamu la m'khonde linatha sabata yomweyo, kunatsala tianthu ta pa tebulo. Koma alamu ako anati telegalamu ilibe chifukwa, ndi lamulo chabe, ndipo munthu amene analamula kutseka ndi yemweyo akulamula kutsegula. Pa 30 m'mawa anabwera ndi galimoto yobwereka.

Ine ndinaima pakhomo ndi sizasi m'manja, osadziwa kuti ndichita nayo chiyani. Bambo anandiuza kuti ndichoke, ndikuchititsa manyazi. Anali atavala jekete okha, atakhala pa tebulo lawo la pawindo. Anaitana alamu ako kuti ayandikire, anawagwira mkono n'kuika khutu pa wotchi ija ya ukwati. Anamvetsera nthawi yaitali, galimoto ikulira panja. Kenaka anati wotchiyo ikuthamanga mphindi zisanu pa tsiku, kasipuling'i kagwira mafuta. Alamu ako anayang'ana pansi. Paja miyezi itatu akhala akuibweza m'mawa uliwonse kudepoti, osafuna kuvutitsa munthu wosaona.

Ndiye bambo anati, «Mkamwini wanga, pa tebulo pano pali tianthu titatu. Inu simukutiona. Inenso ndikudziwa kuti palibe. Tasiyana pati?»

Alamu ako anavula wotchi, n'kufunsa kuti aike mbali iti ya tebulo kuti asapsinje munthu. Bambo analoza. Anaiika, natuluka kukabweza galimoto. Madzulo anandiuza kuti adikira kalata yako, koma ikapanda kumveka bedi alipezanso.

Kalata inafika pa 10. Tinapita nayo tonse atatu kwa dokotala uja wosamba m'manja. Ulendo uno anakhala pansi. Anawerenga, anafunsa bambo mafunso, n'kuvomereza zonse, ati akanatichenjeza poyamba pomwe. Alamu ako anakafafaniza dzina kuchipatala kuja. Ana abwerera. Wotchi bambo anaitsuka ndi manja okha, wopanda kagalasi, masiku anayi, ndipo ikuyenda bwino.

Tsopano imva chimene ndalembera. Amayi anasiya kubwera. Bambo anawaona komaliza pa 25 Juni, ati anali ofooka ngati chithunzi chakale, kenaka pachitseko panangotsala chitseko. Sanadandaule. Koma dzana masana ndinawapeza ataima pa mpando, katani ili paphewa, akupapasa mabowo a timisomali pa felemu ya windo. Munthu wa zaka zimenezo, wosaona, pa mpando. Nditawatsitsa anati amangofuna aone ngati amayi anakwera basi ija. Akupempha katani imodzi, ola limodzi pa tsiku. Ati nkhope zathu sadzazionanso, avomera, koma imodzi yokhayo inkaoneka yonse.

Alamu ako akuti zikayambiranso sadzafafaniza dzina kachiwiri, ndipo sindikuwaimba mlandu. Makatani awiri a pachitseko ndadula kale, asanduka mathalauza a ana a sukulu. Yatsala ya pawindo. Ili pa tebulo langa, sizasi ili pamwamba pake. Ndidule kapena ndipachike? Ulendo uno ukayamba mbiri ya kapu ndibwera komweko.

Mchemwali wako.

5 Ogasiti

Achemwali,

Pachikani.

Ndafunsa dokotala wa kuno. Akuti ola limodzi la mdima siliwononga diso, koma likhoza kubweretsanso tianthu tija, ndipo ngati amayi adzabwere palibe angalonjeze. Sanandiuze chochita. Ndiye yankholi ndi langa, si la sukulu, ndipo likalakwika mlandu ndi wanga.

Musaikhomere. Isokereni mphete, iziyenda pa waya, kuti bambo azitseka ndi kutsegula okha osakwera pa mpando. Ola limodzi, atatha kudya masana, chitseko chosakhoma. Maola ena onse akhale pa kuwala ndi pa anthu. Alamu muwauze kuti mawotchi asanu ndi awiri aja ndiwo mlonda wathu. Tsiku limene bambo adzanene kuti mlendo walankhula, kapena waphimba mawu a wotchi, tumizani telegalamu, ndipo ndidzabwera ndekha kudzawaperekeza kwa dokotala. Ndawalembera alamu kalata yawoyawo, yopepesa ndi yothokoza.

Bambo muwawerengere izi. Ndawamva, ndizisamala ndi mipeni. Chala chinapola. Ndinadzicheka pa 9 Meyi ndi lezala yotsegulira maso a anapiye, chala chachikulu cha kumanzere, ndipo bandeji inakhalapo masabata atatu. Makalata anga ndimalemba ndi kaboni, makope amatsala kuno. Ndawerenga onse kawiri, ndipo za chalachi sindinalembere munthu.

Mwina bambo amangowadziwa manja anga. Ndi chifukwa cha manja omwewa anandikaniza ntchito ya mawotchi ndili ndi zaka khumi, ndipo munthu wogwira lezala ndi dzanja lamanja amadzicheka kumanzere. Ndasankha kukhulupirira zimenezo, ndipo masiku ambiri zimatheka.

Komabe ndawerengera nthawi. Ola limene bambo azidzatseka katani kumeneko, kuno ndimakhala ndili m'chipinda chapansi, nditawerama pa kambale. Muwauze kuti ndayamba kudya bwino, ndipo ndimapesa tsitsi ndisanalowemo.

Mlongo wanu,
Kachete